Za "Maburundi", maganizo anga

Pamsika pano anzanga ena mpaka lero akuombera m'manja zomwe boma lidachita mu 2023, kusesa othawa kwawo m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka. Ati amatilanda malonda. Ine ndikukana.

Dandaulo lawo ndikulimva ndithu. M'burundi amatsegula shopu kusanache, shuga amakupimira ngakhale wa pasupuni, sopo amadula pakati, ukasowa ndalama amalemba dzina lako m'kope. Katundu amaoda pagulu ndiye mtengo umatsika. Iwe woyamba geni ndi ndalama ya katapila ungapikisane naye bwanji? Koma titawapitikitsa, mu November chaka chomwecho kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, mpamba wa ambiri n'kusungunuka. Pamenepo panalibe M'burundi woti timuloze chala.

Komanso ife a ku Nkhotakota nkhani ya "obwera" tiziilankhula motsitsa mawu. Jumbe Salim bin Abdullah adafika kuno cha m'ma 1840 kuchokera ku gombe la Zanzibar. Sindikumuyeretsa ayi, adagulitsa makolo athu ngati akapolo. Komabe Chisilamu ndi ulimi wa mpunga zidakhazikika nthawi ya ma Jumbe, ndipo zidzukulu za anthu awo ndi Amalawi, palibe amazifunsa pasipoti. Angoni adawoloka Zambezi mu 1835. Ayao ndi Alhomwe kwawo kwakale n'ku Mozambique. Achewafe timanena tokha kuti tidachokera ku Congo.

Chimandipweteka kwambiri ndi ana. Kampu ya Dzaleka ku Dowa idatsegulidwa mu 1994, malo a anthu 10,000 kapena 12,000, pano muli oposa 50,000. Mwana wobadwira mmenemo zaka zoyambirira lero ndi kholo. Chichewa chake ndi cha ku Dowa chenicheni, ku Bujumbura sadapondeko, koma lamulo likuti asagwire ntchito kunja kwa kampu. Adye chiyani?

Mu 2015 tidalira tonse mabasi atabweretsa abale athu othawa zikwanje ku Durban. Ndi mabanja angati kuno amene malata awo adagulidwa ndi ndalama za ku Joni?

Othawa kwawo ali kunowa boma liwalembe m'kaundula, liwapatse ziphaso za malonda, azilipira msonkho ngati wina aliyense. Wozembetsa katundu amangidwe, limodzi ndi Mmalawi amene adalandira chiphuphu kuti katunduyo adutse.