Ku Lusaka mwana ali pa desiki, kuno ku Lilongwe akadali pansi

Sabata yatha mwana wanga wa Sitandade 4 anamubweza kusukulu chifukwa sindinapereke ndalama ya chitukuko. Sukulu ya boma imeneyi, mu likulu la dziko, koma mwana amaphunzira atakhala pansi, kope lili pabondo, yunifolomu n'kuthera kumbuyo teremu isanathe. Ukafunsa kuti chitukukocho chili pati, amakuwerengera mlonda, bilu ya madzi ndi choko. Aphunzitsi sindikuwada, nawonso agwira njakata. Mkwiyo wanga uli pa khonsolo ndi aphungu.

Chimene chandiwawitsa mtima kwambiri n'chakuti mwezi wathawu ndinali kwa achemwali anga ku Matero, ku Lusaka. Ndinaperekeza mwana wawo kusukulu, ndipo nditasuzumira m'kalasi ndinaona madesiki atsopano, olembedwa kuti agulidwa ndi CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu. Achemwali akuti chiyambire Januwale 2022, pamene boma la Hakainde Hichilema linachotsa fizi mpaka Giredi 12, palibe amene wawalipiritsa ya PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi) kapena ya mayeso. Chaka chomwecho analemba aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi. Abale anga, tonse timadya nsima yofanana, ku Lusaka mumsika amalankhula Chinyanja chathu chomwechi, ndiye kusiyanaku kukuchokera kuti?

Nkhani yagona pa ndalama za chitukuko cha m'dera. Anzathuwa anakweza CDF, m'makwacha a ku Zambia, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2024 inali K30.6 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Ife chaka chimenecho tinkaombera m'manja K200 miliyoni yathu, yomwe mukaisintha ndalama ya anzathuyo imaiposa pafupifupi kakhumi. Koma kuchuluka pakokha si kumene kukundidya. Kwawoko boma linalamula poyera kuti mwana asakhalenso pansi, ndalama n'kudzera ku khonsolo, akalipentala a m'makomboni n'kupatsidwa ntchito yokhoma madesiki. Gawo lina limalipirira ana osauka kusukulu zogonera komweko ndi kumakoleji a ntchito zamanja. Kuno CDF takhala tikuidziwa ngati thumba la abwana aphungu: kamlatho kokokoloka ndi mvula yoyamba, kabuloko kosafolera kokhala ndi dzina lawo pakhoma. Mpaka zinatengera khoti lalikulu mu 2025 kunena kuti aphungu alibe gawo poyendetsa ndalamazi kapena povota m'makhonsolo.

Ndipo musaiwale kuti sukulu yaulere tinayamba ndife. Mu 1994 a Bakili Muluzi atachotsa fizi ku pulayimale, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mu 1998 tinakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono, ati mphamvu ku anthu, sukulu za pulayimale zikhale m'manja mwa makhonsolo. Kenako tinakhala kuyambira 2005 mpaka 2014 opanda khansala ndi mmodzi yemwe. Zaka zonsezo Lilongwe ankakula, Chinsapo, Mtandire, Area 25 ndi Area 36 kudzaza anthu, popanda womufunsa kuti malo a sukulu zatsopano ali kuti. Zotsatira zake ndi izi: ana ena kulowa m'mawa ena masana, ena pansi pa mtengo, kukagwa mvula onse kwawo.

Sindikunena kuti ku Lusaka ndi kumwamba ayi. Maphunziro aulere adzazitsa makalasi moti desiki ya ana awiri amapanikizanapo anayi, mphunzitsi kuchonga makope mpaka dzanja kutupa. Ku Kanyama mvula ikangogwa ana amapita kusukulu akuwoloka madzi. Kolera ya 2024 inachedwetsa kutsegulira sukulu mpaka Febuluwale, odwala atadzaza pa Heroes Stadium, monga mmene zinatichitikira ku Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2023. Pa zinyalala ndi ngalande makhonsolo awiriwa ndi amapasa, palibe woseka mnzake.

Komabe munthu wa ku Lusaka amadziwa chitseko choti akagogode. Kuyambira 2016 meya amasankhidwa ndi anthu onse a mumzinda, pa pepala lovotera, kwa zaka zisanu. Achemwali anga anavotera meya ndi chala chawo, ndipo akakwiya amamutchula dzina pa wailesi. Kuno meya amasankhidwa ndi mamembala a khonsolo okhaokha m'chipinda, zaka ziwiri ndi theka n'kusintha wina. Funsani makolo khumi pageti la sukulu iliyonse kuti meya wathu ndani, muone ngati atatu angayankhe. Khonsolo timangoiona ikamatolera ziphaso mumsika ndi kuthamangitsa mavenda, koma pa msonkhano wa makolo khansala sabwera. Ine ndikufuna lamulo limeneli lisinthe, meya wa Lilongwe tizimusankha tokha, ndipo khonsolo izimata pakhoma la sukulu iliyonse ndalama zimene zalowa ndi madesiki amene agulidwa chaka chimenecho.