Dzina lili pa thanki silitseka oyilo wodontha

Dzulo tinatsutsana mpaka usiku pa gulu lathu la okonda njinga zamoto. Mnzanga wina akuti kudzutsa kampani yakale ya mithuthuthu n'kosavuta: gula dzina, lilembe pa thanki, anthu olakalaka zakale abwera okha ndalama zili m'manja. Ine ndinakana. Koma poti pa gulu paja aliyense amalankhula nthawi imodzi, ndati ndifotokoze pano mofatsa.

Tiyambe ndi kampani ya Royal Enfield. Inapanga njinga yamoto yake yoyamba mu 1901 ku Redditch, ku England. Mu 1955 anagwirizana ndi kampani ya ku Madras, komwe lero timati Chennai, kuti njinga yawo ya Bullet 350 izilumikizidwa ku India chifukwa asilikali a kumeneko ankaifuna. Kholo la ku England lija linafa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mwana wa ku India n'kutsala yekha, akupangabe njinga yomweyo ya m'ma 1950 chaka ndi chaka osasintha kwenikweni. Kampani ya Eicher ya ku India komweko inamutenga mu 1994. Pofika 2000 ankagulitsa njinga pafupifupi 2,000 zokha pamwezi, ndipo akuluakulu ankakambirana zoti angotseka kapena kugulitsa.

Tsono taonani apa. Dzina linalipo. Mbiri inalipo, ya zaka pafupifupi 100. Kulira kwake kuja, thu thu thu, komwe ukakumva umangoti amene anayamba kunena mawu oti mthuthuthu ankadziwa chimene akunena, kunalipo. Nanga anthu bwanji sankagula? Chifukwa njingayo inkadontha oyilo paliponse yaima. Poiliza ndi kiki inkatha kukubwezera mwendo mpaka kutsimphina. Giya inali kuphazi lamanja, buleki kumanzere, mosemphana ndi njinga zonse za ku Japan zomwe achinyamata anaphunzirira. Mwini Bullet ankadziwana ndi makaniko wake kuposa alamu ake.

Amene anapempha kuti apatsidwe mpata anali Siddhartha Lal, ali ndi zaka 26. Tisabise, anali mwana wa mwini Eicher, ndipo mwana wa mwini akapempha nthawi amamumvera, pamene waganyu akanangouzidwa kuti longedza. Koma ana a eni ndi ambiri amene anapatsidwa makampani n'kuwamwera. Uyu ankakwera njingayo yekha maulendo ataliatali, ndiye ankadziwa pamene ikupweteka.

Chimene ndimamulemekezera n'choti analolera kukwiyitsa anthu amene ankaikonda kwambiri Bullet. Anasamutsa giya kupita kumanzere. Injini yachitsulo cholemera ija anaisiya pang'onopang'ono, n'kubweretsa ina yomwe injini ndi bokosi la magiya zili m'chikuta chimodzi, malo odontha oyilo n'kuchepa. Anaikanso batani loliza. Akale aja anadandaula kuti kulira kwasintha, iyi si Bullet ayi. Ndipo sankanama, kulira kunasinthadi pang'ono, ngakhale mainjiniya anavutika kuti akusunge. Koma maonekedwe sanawagwire: thanki yozungulira, nyali imodzi yaikulu kutsogolo, mizere yagolide yojambulidwa ndi dzanja pa thanki ya Bullet. Njinga yawo yatsopano ya Classic itatuluka mu 2009 inkaoneka ngati ya agogo, koma m'mawa inkalira osakupempha thukuta. Anthu anayamba kudikira miyezi kuti aipeze. Cha m'ma 2010 ankagulitsa njinga pafupifupi 50,000 pachaka, patapita zaka zosakwana khumi anadutsa 800,000, ndipo pofika 2025 anadutsa miliyoni imodzi pachaka.

Pano ndi pamene ndimasiyana ndi anthu okonda nkhani ya ngwazi imodzi. Lal sanamange bawuti iliyonse yekha. Mu 2005 anabweretsa R. L. Ravichandran, munthu amene anagwirapo ntchito ku TVS ndi ku Bajaj, makampani ena a njinga zamoto a ku India, wodziwa za mashopu ogulitsa ndi makasitomala odandaula. Kenako kunabwera B. Govindarajan, munthu wa m'fakitale, amene anayang'anira kumanga mafakitale atsopano ku Oragadam mu 2013 ndi ku Vallam Vadagal mu 2017, ndipo pambuyo pake anadzakhala mkulu wa kampaniyo. Anthu otere sawajambula kwambiri m'magazini. Koma kupanga njinga imodzi yokongola yoonetsa pa chionetsero ndi nkhani ina, kupanga njinga 70,000 pamwezi zonse zofanana, zonse zosadontha, ndi nkhani inanso. Mutu umodzi susenza denga. Chosekesa n'choti atalemera anabwerera ku England, n'kugula Harris Performance, kampani yopanga mafelemu a njinga zampikisano, mu 2015, n'kutsegula malo a mainjiniya ku Bruntingthorpe. Mwana kukalemba ntchito kumudzi kwa makolo.

Tsopano mnzanga uja amve za Norton, chifukwa imeneyo ndiyo inayesa njira yake. Norton ndi dzina lolemera, la 1898 ku Birmingham, lopambana mipikisano ya Isle of Man TT kambirimbiri. Stuart Garner anagula dzinalo mu 2008. Likulu analiika m'chinyumba chachifumu chotchedwa Donington Hall, zithunzi zokongola, andale kubwera kudzacheza. Kuseri, makasitomala ena analipiriratu ndalama n'kudikira njinga zosabwera. Mu Januwale 2020 kampani inagwa, ndipo zinadziwika kuti ndalama za penshoni za anthu wamba, mapaundi mamiliyoni, zinalowetsedwa m'kampaniyo. Garner anavomera mlandu wokhudza penshoni zimenezi mu 2022, n'kupatsidwa chilango cha miyezi 8 koma chokakhala kunyumba. TVS ya ku India itagula Norton mu Epulo 2020 pa mapaundi 16 miliyoni, mainjiniya ake anapeza zolakwika zambiri pa njinga yodula ya V4 imene inali kale m'manja mwa anthu, zina zoika moyo pachiswe. Dzina linali lomwelo pa thanki, lonyezimira bwinobwino.

Za Triumph, dzina linanso lakale la ku England, ndingodutsa. John Bloor, womanga nyumba, anagula dzinalo mu 1983 ndipo anakhala zaka pafupifupi 7 osatulutsa njinga yatsopano, akuphunzira mmene a ku Japan amapangira, akumanga fakitale ku Hinckley. Chete wa zaka 7, ndalama zikutuluka m'thumba mwake. Ndi angati angapirire? Lero ma Triumph ang'ono a 400 akupangidwa ndi Bajaj, yemweyo wa Boxer imene akabaza ambiri mu Africa muno amadyera.

Ndimuvomereze mnzanga pa chimodzi: dzina lili ndi mtengo. TVS sinapereke mapaundi 16 miliyoni chifukwa cha makina a ku Donington, inkafuna zilembo zisanu ndi chimodzi zija. Dzina limakokera munthu kulowa m'shopu, ndipo njinga yatsopano yopanda mbiri imavutika kuchita zimenezo. Koma limabweranso ndi ngongole. Munthu akagula Norton amayembekeza zoposa, ndiye akakhumudwa amakhumudwa kawiri, ndipo amauza aliyense.

N'chifukwa chake ine ndikamva kuti dzina lakale lagulidwa, kaya BSA ndi Jawa zimene zili m'manja mwa anthu a Mahindra, kaya lina lililonse, sindiyamba ndi kuyang'ana chithunzi cha njinga. Ndimayang'ana amene akhala pa tebulo. Alipo wokwera njinga mvula ikugwa? Alipo amene anayendetsapo fakitale? Masipeyala akuyang'anira ndani, ndipo munthu yemwe tcheni chamudukira ku tauni yakutali adikira masiku angati? Ndalama zawo ndi zopirira zaka zingati? Norton ya TVS ili ndi fakitale yatsopano ku Solihull ndi kholo la ndalama, koma ine sindinaiwombere m'manja. Ndikudikira ndimve kwa amene ayenda nayo zaka zisanu.

Amene munakwerapo Bullet yakale ija ya giya kumanja, tandiuzani m'munsimu: tsiku loyamba munaponda buleki kangati mukufuna kusintha giya?