Lekani kupha nsomba m'mathanki agalasi

Zimene ndaona pa ofesi ina mu Blantyre muno sabata yathayi zandipsetsa mtima. Pamalo pofikira alendo aikapo kathanki kagalasi kosaposa malita 60, ndipo aunjikamo chilichonse chimene chinawakomera m'maso: mbuna, goldfish, tinsomba ta neon tetra, ndi betta yaimuna. Betta ija mchira wonse unali wong'ambikang'ambika, itabisala kuseri kwa fyuluta (chosefera madzi). Tetra ina inali ikuyandama chagada. Nditafunsa, mtsikana wa pamenepo anangoti, "Zimafa choncho bambo, timangogula zina." Timangogula zina! Kodi chifundo chinapita kuti?

Chondiwawa kwambiri n'chakuti eni ake a mbuna ndife. Paki ya panyanja ku Cape Maclear inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba zimenezi. Anthu a ku Ulaya ndi ku America amaziitanitsa kuno, n'kuziikira thanki yaikulu yodzaza miyala, zokhazokha. Nanga ife tikuzisakaniza ndi tetra chifukwa chiyani? Ngakhale mwana wa m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear komweko amadziwa kuti mbuna imalondera mwala wake, yofika pafupi imaona zakuda. Kambuna ka mizere yachikasu ndi yakuda kaja, kotchedwa auratus, ndiye kankhanza zedi. Mungatsekere fisi ndi mbuzi m'khola limodzi m'mawa n'kumadabwa?

Madzi ake nawonso sagwirizana. Mbuna inazolowera madzi a m'nyanja yathu, a pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya m'ma 8. Kwawo kwa neon tetra ndi ku Amazon, kumene pH yake siifika 7. Goldfish imafuna madzi ozizira, pomwe zinzakezo zimafuna ofunda, madigiri 24 mpaka 26. Inu m'thanki imodziyo muisangalatsa iti? Goldfish yomweyo imakula kupitirira masentimita 20, ndipo imadetsa madzi koopsa.

Ena mumagula nsomba yotchedwa oscar akadali kakang'ono poti nkokongola. Akafika masentimita 30, chilichonse chokwana m'kamwa mwake ndi ndiwo. Ena mumagula nsomba yotchedwa pleco ati azitsuka galasi, osadziwa kuti wamba uja amafika masentimita 40. Betta zazimuna ziwiri pamodzi, mukufuna nkhondo? Tiger barb ndi nsomba yazipsepse zazitali, mukuyembekeza kuti zipsepsezo zitsala? Angelfish nayo ikakula imameza tetra, inu n'kumati mwina mphaka.

Changu chanucho ndiye chimandithetsa nzeru. Thanki mwagula lero, madzi a pampopi okhala ndi klorini mwathira lero, nsomba makumi awiri mwaponyamo lero lomwe. Fyuluta imafuna masabata 4 kapena 6 kuti tizilombo tabwino tochotsa poizoni wa m'zitosi timere. Mwadikira? Ayi. Ndiye magetsi akazima usiku, pampu yaima, khamu lonselo lili pamwamba kukamwa yasa, kusaka mpweya. Zimenezo mumaziona, koma mtima wanu uli zii.

Kathanki kakang'ono kamafuna nsomba zofatsa, zamsinkhu wofanana, zamadzi amodzi. Tetra 8 zamtundu umodzi pakati, corydoras zing'onozing'ono 6 pansi, basi zakwana. Tetra musamagule ziwiri zokha, ndi nsomba zoyenda pagulu ndipo zikachepa zimangokhalira mantha. Mbuna mukazifunadi, zipezereni thanki yawoyawo yaikulu.

Inunso ogulitsa, musamangowerenga ndalama. Munthu akuloza oscar ndi tetra nthawi imodzi, inu n'kumuikira m'majumbo osanenapo kanthu? Mukudziwa bwino lomwe chimene chikachitike kunyumbako. Ndipo zikakukulirani inu oweta, musayerekeze kukazitaya mumtsinje kapena m'nyanja, kumeneko n'kuika pachiswe nsomba zathu zomwe.

Ngati kufunsa musanagule kukukuvutani, zisiyeni nsombazo kusitolo komweko. Chitani manyazi.