Ndakatulo si yaulere, lipirani

Ndakwiya ndipo sindibisa. Loweruka lapitali mwana wa achemwali anga, mnyamata wolakatula ndakatulo, anamuitana ku ukwati wa anthu opata ndithu ku Lilongwe kuno. Anamuuza kuti apeke ndakatulo yatsopano yotchula mayina a akwati, kwawo, ndi momwe anadziwirana. Mwana anachezera kulemba, kufufuta, kuloweza, mpaka mawu kusasa. Pa tsikulo holo yonse inaimirira, nthungululu kuti wee, amayi ena misozi chuchuchu. Zitatha, wapampando wa komiti anangomusisita paphewa: "Mphwanga, za ndalama usadandaule, apa wadziwika. Pita ukadye." Ngakhale ya minibasi sanamupatse.

Wa tenti analipidwa. Wa keke analipidwa. Wa zokuzira mawu analandira zake asanatsitse n'komwe masipika m'galimoto. Koma amene analiza anthu uja, malipiro ake mpunga ndi kantchafu ka nkhuku. Ati wadziwika! Kudziwikako akapita nako kuchigayo amugayira? Akakawauza eni nyumba pakutha pa mwezi kuti "bwana, ndadziwika", amusiya agone? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Kupeka ndi ntchito. Kulemba ndi ntchito. Kujambula, kusema, kuimba, zonsezi ndi thukuta, kungoti limatuluka usiku inu muli m'tulo, ndiye mumayesa zimangogwa kumwamba. Mphindi zisanu zimene munamuona ali pa maikolofoni zija kumbuyo kwake kuli mapepala ong'ambidwa, mayunitsi, kandulo magetsi atazima, ndi zaka zophunzira kuluka mawu kuti agwere pomwe akufuna.

Ndikudziwa muyankha zotani, mumati anthu amenewa amachita chifukwa chokonda, ndi mphatso ya Mulungu. Eya, amakondadi, ndipo sangasiye ngakhale muwamange. Mlakatuli Jack Mapanje anamutsekera ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu, ndipo ali m'menemo ankapekabe ndakatulo, n'kumazisunga m'mutu. Mlembi ndi wotero, chinthu chikamufika pakhosi sagona mpaka achitulutse. Ndiye inu mwaona pamenepo podyera? Poti sangasiye, basi tizimukama? Mmisiri wa matabwa nayenso amakonda ntchito yake, koma sindinaone munthu akunyamula bedi pa shedi n'kunena kuti "udziwika".

Kaya ndi umphawi, kaya ndi zija tinazolowera kuti woimba ndi munthu wongosangalatsa pamowa, ine sizikundikhudza. Amene anali ndi ndalama ya keke ya nsanjika sangandiuze za umphawi.

Allan Namoko, wakhungu wa ku Thyolo uja, banjo yake inamveka dziko lonse, koma anamwalira mu 1995 ali wosauka. Lero aliyense akuti anali katswiri. Timadikira munthu afe kuti tiyambe kumutamanda, chifukwa wakufa salipiritsa. Alipo amoyo, muwapatse zawo akadali ndi mano otafunira. Mukufuna ndakatulo, lipirani. Mulibe ndalama, nenani poyamba, mwini wake asankhe yekha kukuthandizani. Osati kumunamiza, kumuvinitsa, kenako kumuloza kumene kuli mapoto.

Ndipo inu omwe mukuwerenga muno mukugwedeza mutu, musadziyese oyera. Bungwe la COSOMA, loona za ufulu wa eni luso, lilipo kuyambira 1992, lamulo latsopano loteteza eni luso linabwera mu 2016, koma m'misika anyamata akungothira nyimbo za eni m'mamemore ngati akuyeza mtedza, woimbayo osaona ndi tambala yomwe. Wina atulutse buku lero, mawa m'gulu la WhatsApp muli kale wofunsa kuti "amene ali ndi PDF atiponyere". Bandulo yokokera mumagula, foni yamakono muli nayo, koma buku la mnzanu ndiye lakudulirani. Manyazi mulibe?