Za dizilo mwazidumpha

M'nkhani yanu yokonza boti lisanabwerere pamadzi mwafotokoza bwino za kulipenta ndi kusintha mabatire, koma za thanki ya dizilo bwanji simunazitchule? Achimwene anga anaimika boti lawo ku Monkey Bay miyezi 6, thanki ili theka. Ine ndinanyamuka ku Chilomoni mbandakucha kuti ndikakwere nawo ulendo wa ku Likoma, mu Julaye, nthawi ya mwera. Mafunde atangoyamba kutigwedeza, matope ndi madzi amene anadikha pansi pa thanki anatseka fyuluta yosefa dizilo, injini n'kuzima. Tinangoyang'anana, m'mimba muli chururu.

Tsukani thanki, nyamulani mafyuluta awiri apadera. Impela ya pampu yoziziritsa injini, kachipangizo ka labala ka mapiko kamene kamazungulira n'kumakankha madzi, muitsegulenso. Ikakhalitsa youma mapiko ake amathothoka, injini n'kutentha musanafike ndi ku Nkhotakota komwe.