Envelopu yanga sanaitsegule n'komwe

Lachiwiri lapitali ndinadzuka 4 koloko m'mamawa kuno ku Mtendere mu Lusaka, ku Zambia, ndinasita shati ndi simbi ya makala chifukwa magetsi anali atazima, n'kukwera minibasi kupita ku yunivesite ija ndakhala ndikuilakalaka, kukapempha kuti ndipitirize kumeneko digiri yomwe ndinayamba ku Malawi. Pa mzere ndinaima maola atatu. Nditafika pa windo, mayi wa muofesimo anaona chidindo cha ku Lilongwe pa envelopu yanga, n'kuikankha ndi cholembera kubwerera kwa ine. "Iwe, za ku Malawi izi. Uzayamba first year." Basi. Sanaitsegule, abale anga. Sanaitsegule n'komwe.

M'kati mwa envelopuyo munali zaka ziwiri za moyo wanga. Accounting, economics, statistics, zonse ndinakhoza bwino. Munali transcript yosainidwa, pepala la zotsatira za mayeso anga, munali ma course outline, ofotokoza zomwe ndinaphunzira mu kosi iliyonse, omwe ofesi yomweyo inandiuza pa foni kuti ndibwere nawo. Kuti ndiwapeze ndinakwera basi ku Intercity, kutsata Great East Road yonse mpaka Chipata, kudutsa pa Mwami, kukagona Lilongwe masiku anayi ndikudikira siginecha ya munthu mmodzi. Zonsezo mayi uja anazikankha ndi cholembera ngati wakankha ntchentche yakufa.

Ndiye "iwe". Ndikudziwa kuti Chinyanja cha kuno sichisamala ulemu ngati kwathu, ndinazolowera kale. Kondakitala amanditchula iwe, wogulitsa tomato ku Soweto Market amanditchula iwe. Koma mu ofesi ya sukulu? Munthu wabwera atapisira malaya, walipira kale ndalama ya fomu?

Inu Amalawi anzanga amene muli kuno mukudziwa zina zonsezi. Study permit imalembedwa dzina la sukulu, ndiye ukafuna kusintha sukulu uyambenso mapepala ndi kulipiranso. Satifiketi ya MSCE akufuna iyambe yayesedwa ngati ikufanana ndi Grade 12 ya kuno, ngati kuti ife tinaphunzirira pansi pa nyanja. Landilodi akangomva kuti wanena "ndiwo za nkhwani" m'malo mwa chibwabwa, lendi yakwera. Ndalama zochokera kumudzi zimafika zitafota: mu Novembala 2023 kwacha yathu ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo zomwe amayi ankanditumizira za mwezi wathunthu zinayamba kuthera pakati pa mwezi. Chaka cha 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba magetsi n'kumazimazima, ndinkawerenga ndi tochi ya foni, laputopu ndikukaitchajitsa ku barbershop ya jenereta.

Ndipo pali anzathu a kumudzi omwe ali kuno, akuluakulu a pa WhatsApp. Ndikangotchula investment banking amaseka mpaka misozi. "Aphiri, inu mukufuna kukhala mzungu wa ku London? Bwerani tizigulitsa zitenje ku Kamwala." Wina anandifunsa ngati ntchitoyo ndi yowerenga ndalama pa kauntala. Sadziwa, komanso safuna kudziwa. Ntchito imeneyi ndi yothandiza kampani kugulitsa masheya pa msika, yothandiza boma kapena kampani kukongola kudzera mu ma bond (mapepala a ngongole ogulitsidwa pa msika), yowerengera mtengo weniweni wa kampani ina ikafuna kugula inzake. Si nthano za kunja ayi. Lusaka Securities Exchange, msika wa masheya wa kuno, inayamba malonda mu 1994. Dziko lino mu Novembala 2020 linalephera kulipira chiwongoladzanja cha Eurobond, ngongole ya ma bond ya m'madola, ndipo zokambirana za ma bond a madola 3 biliyoni zinatha mu 2024. Ndani ankakhala patebulo kuwerengera boma ndi okongoza? Alangizi a zachuma, ambiri mwa iwo ochokera kunja kwa Africa. Kwathu nako ngongole yatifika m'khosi. Ine ndikufuna tsiku lina pa tebulo lotero pakhale mwana wa ku Mchinji wodziwa mtengo wa thumba la feteleza. Chosekera n'chiyani pamenepo?

Nchifukwa chake ndikufuna kusamuka sukulu. Sikuti ndikunyoza komwe ndinali. Koma mabanki akuluakulu ndi makampani a masheya akafuna ana a internship, ophunzira ntchito, amapita ku masukulu omwe amawadziwa, kumene kuli aphunzitsi a corporate finance ndi akale omwe ali kale m'maofesimo. Popanda internship, CV yako saiyang'ana. Ndinawerengera bwinobwino: zaka ziwiri zotsala ndimalizire kuno, kenako ndiyambe mayeso a CFA, a ukatswiri wa zachuma, magawo atatu aja, pang'onopang'ono ndikugwira ntchito. Pulani yonseyi yatsamira pa ma credits anga, makosi omwe ndinakhoza kale ku Malawi. Akawakana, zaka ziwiri zasanduka zinayi, ndipo ndalama ya zaka zinayi kulibe.

Akanatsegula envelopu n'kunena kuti statistics yanu siyikufika pa mlingo wathu, mubwereze, ndikanavomera ndi mtima umodzi. Sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake, ndikudziwanso kuti masukulu ambiri amafuna gawo lalikulu la digiri ulichitire kwa iwo. Koma kuweruza osawerenga? Chomwe chikundiwawa kwambiri n'chakuti pangano la SADC la maphunziro linasainidwa ku Blantyre kwathu, mu 1997. Limanena za kuzindikirana mapepala, za kusamutsa ma credits, ngakhale zoti ophunzira a m'chigawo chino azitengedwa ngati eni dziko pa nkhani ya fizi. Atsogoleri anasaina, anajambulitsa, n'kubwerera kwawo. Ine ndili pa windo, cholembera chikukankha envelopu yanga.

Kumbuyo kwanga kunali mtsikana wa ku Chipata, chilankhulo chake chimodzimodzi changa. Kwawo ndi kwathu n'pafupi kuposa kwawo ndi Lusaka, Kulamba timakakumana ku Mkaika kwa Gawa Undi. Anandigwira paphewa n'kunena kuti pepani achimwene. Mawu amenewo ndi omwe anandigwetsa misozi, osati a mayi uja.

Usiku amayi anaimba foni. Anafunsa kuti, "Nanga zayenda bwanji, mwanawe?" Ndinayankha kuti akuziona. Sindinathe kuwauza. Amayi anagulitsa soya yense wa chaka chatha, anagulitsa mbuzi zitatu, mlongo wanga wamng'ono anadikira chaka osapita ku koleji kuti ine ndiyambe ndadutsa. Bambo atamwalira, anthu ankati banja lathu latha. Zaka ziwiri zimene zili mu envelopu ija si zanga ndekha, ndi thukuta la amayi m'munda, ndipo sindilola kuti munthu azitaye asanaziwerenge.

Ndalemba kalata kwa mkulu wa dipatimenti ya finance, ndafotokoza kosi iliyonse ndi maola ake, ndaika pambali pa kosi yawo yofanana nayo. Amalume andibwereka ya minibasi. Lolemba ndikapitanso, ndipo sindichoka pakhomopo mpaka wina atsegule envelopuyo ine ndikuona. Akakana atawerenga, ndikwera basi ya Chipata, ndikamalizire kwathu, ndikawauze amayi zonse ndili pamphasa pawo.