Ophunzira anayi pa mjigo umodzi

Abale anga a muno mu Harare amene mukusaka mutu wa kafukufuku wa masters, komanso inu makolo amene mukuwalipirira fizi, maganizo anga ndi awa. Mitu ikuluikulu ngati "mavuto a madzi mu Zimbabwe" isiyeni, simuimaliza. Sankhani mijigo yowerengeka ku Glen View, ku Budiriro kapena ku Kuwadzana, ndipo pa mijigo yomweyo pakumane anthu anayi: wa zachipatala, wa zachilengedwe, injiniya ndi wa psychology. Aliyense alembe thesis yake, koma nyumba zoyenderedwa zikhale zomwezo, masikunso omwewo.

Kolera ya 2008 mpaka 2009 inadwalitsa anthu pafupifupi 98,000 m'dziko muno, oposa 4,000 n'kumwalira. Ya mu Seputembala 2018 inabukira ku Glen View ndi ku Budiriro, ya 2023 inavutitsa Kuwadzana. Gwero lake tonse timalidziwa. Nyanja ya Chivero, yomwe inamangidwa mu 1952, ili kumunsi kwa mzinda, ndiye zonyansa zathu zimatsika ndi Mukuvisi ndi Marimba kukalowa momwe malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray amatunga madzi oti tidzamwe. Pampopi pakauma, anthu amathamangira kumjigo. Wophunzira mmodzi akayeza madzi, wina akawerenga odwala ku kiliniki ya dera lina chaka china, zotsatira zawo sizingalumikizane, ndipo zonse zimangokakhala pa shelefu ku laibulale.

Ndiyambe ndi botolo, poti kafukufuku wambiri wa madzi amafera pamenepo. Malamulo a WHO amati mu mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke E. coli, kachilombo kosonyeza kuti m'madzi mwalowa za m'chimbudzi, ngakhale mmodzi. Kuti nambala yanu ikhale yoona, botolo likhale lophedwa tizilombo, ndipo ngati madziwo ali ndi klorini muikemo kaye sodium thiosulfate, mankhwala othetsa mphamvu ya klorini. Mukapanda kutero klorini amapitiriza kupha tizilombo m'botolomo muli m'kombi, mukafika ku labu madzi oipa amaoneka abwino. Pukutani kukamwa kwa mpopi ndi spirit, popani madzi atayike kwa mphindi zingapo, mudzaze osafika pakamwa, mutseke osagwira mkati mwa chivindikiro. Botolo lilowe mu cooler box ya ayezi nthawi yomweyo, ndipo liyezedwe pasanathe maola 6. Akadutsa maola 24, tayani, musadzinamize. Tsiku lililonse munyamule botolo limodzi la madzi oyera a mu labu, mukalitsegule pamjigopo n'kulitseka. Likatuluka ndi tizilombo, vuto ndi manja anu kapena zipangizo zanu, zotsatira za tsiku limenelo zonse zagwa.

Ndiye pali magetsi. Mbale za mu labu zomeretsera thermotolerant coliform, gulu la tizilombo momwe muli E. coli, zimafuna kutentha kwa madigiri 44 usiku wonse. Magetsi akathima pakati pa usiku, m'mawa mupeza tizilombo tamtundu wina tamera, kapena palibe chamera, inu n'kulemba kuti madzi ndi abwino. Musanatunge botolo loyamba funsani ngati incubator, bokosi lofunditsira mbalezo, ili pa batire kapena pa sola, ndipo muikemo thermometer yosunga kutentha kwapamwamba ndi kwapansi. Klorini yekha musamutengere ku labu, amatha m'njira. Muyezereni pompo ndi piritsi la DPD 1: pamene munthu akutunga pafunika mamiligalamu osachepera 0.2 pa lita. Madzi akakhala a matope kupitirira 5 NTU, womwe ndi muyeso wa kuvunduka kwa madzi, klorini sagwira bwino ntchito, choncho nambala ziwirizi zilembedwe limodzi.

Chimene ambiri amachiiwala ndi chigubu. Madzi akhoza kutuluka oyera pamjigo n'kudzaipira m'nyumba, mu ndowa yosavindikira yomwe ana amaviikamo kapu ndi dzanja lomwe. Amene wayeza pamjigo pokha wayeza theka la nkhani. Tungani pamjigo m'mawa, tsiku lomwelo mukatungenso mu ndowa ya nyumba yomwe inatunga pamenepo, mufunse kuti madziwo akhala maola angati. Ndiponso muyeze kawiri, m'chilimwe ndi m'dzinja mvula itayamba mu Novembala kapena Disembala, chifukwa mjigo womwe unali bwino mu Ogasiti umasintha madzi a mvula akayamba kukokolola za m'zimbudzi ndi za masuweji ophulika. Amene wayeza nyengo imodzi alembe poyera kuti ndi nyengo imodzi.

Injiniya asamangojambula mapu pa kompyuta. Apite ndi tepi akayeze mtunda wochoka pamjigo kufika pachimbudzi kapena paipi ya suweji yapafupi. Mamita 30 ndiye malire omwe ambiri amayendera. Aone ngati simenti yozungulira mjigo yang'aluka, ngati madzi otayika akudikha pompo m'malo moyenda ndi ngalande, ndiponso ngati okumba anathira simenti kuzungulira casing, paipi yotchinga dzenje la mjigo, kumtunda kwake. Popanda simenti imeneyo madzi a pamwamba amatsetsereka m'mbali mwa paipi mpaka pansi, kaya mjigo ndi wakuya bwanji. Ku mapaipi a khonsolo vuto ndi lina: madzi akasiya kuyenda, mphamvu ya m'paipi imagwa, paipi yobooka n'kuyamwa zonyansa za m'nthaka, ndiye madzi oyamba kubwera akatsegula ndi amene ayenera kuyezedwa. Ntchito yooneka yonyozeka ngati imeneyi ndi imene inatchukitsa mzinda uno. Chimbudzi cha Blair, chokhala ndi paipi yotulutsa mpweya ndi kaukonde kotchera ntchentche, anachipanga Peter Morgan ku Blair Research Laboratory konkuno m'ma 1970, ndipo mu 2013 analandira Stockholm Water Prize.

Wa zachipatala asadalire kaundula wa ku kiliniki yekha. Ambiri otsekula m'mimba sapita kuchipatala, ndipo adiresi yolembedwa m'buku siuza munthu mjigo umene wodwala amamwa. Afunse khomo ndi khomo, ndi tanthauzo limodzi losasintha: chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposa pa maola 24. Afunse za masiku 7 apitawa basi, za mwezi wathunthu mayi aliyense amangoganizira. Masamu nawonso ali ndi msampha. Nyumba 30 zomwa mjigo umodzi zimafanana, sizingawerengedwe ngati nyumba 30 zosiyana. Tiyerekeze kuti muyeso wa kufanana kwake, wotchedwa ICC, ndi 0.05: nambala yogawira chiwerengero cha nyumba, yotchedwa design effect, imakhala 2.45, kutanthauza kuti nyumba 300 pa mijigo 10 zili ndi mphamvu ya nyumba 122 zokha. Kuli bwino mijigo yambiri, nyumba zochepa pa mjigo uliwonse.

Ena adzafunsa kuti wa psychology akudzatani pamjigo. Mayi amene amadzuka usiku kukaima pamzere, n'kumaopa za mwana wamkazi amene wamutuma kukatunga mdima usanathe, tulo sagona, ndipo zimenezi zimayezeka. Wa psychology yemweyo ndi amenenso angatiuze chifukwa chake mapiritsi a klorini amagawidwa koma osagwiritsidwa ntchito, kaya ndi fungo, kaya ndi mphekesera. Chitsanzo tili nacho pakhomo. Friendship Bench ya Dixon Chibanda inayambira ku Mbare ndi agogo aakazi okhala pabenchi, ndipo kafukufuku wake wa 2016, wa anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare, anaonetsa kuti kukumana kasanu n'kamodzi kumachepetsa nkhawa. Anagwiritsa ntchito SSQ-14, mafunso 14 oyezera mavuto a m'maganizo, oyankha inde kapena ayi. Koma chenjerani, mafunsowo anakonzedwa ndi kuyesedwa mu Chishona. Agogo athu a ku Mbare, Mufakose ndi Epworth amene amamasuka m'Chichewa, musamawamasulire pakamwa, wofunsa aliyense mwa njira yake. Mmodzi amasulire papepala, wina amene sanaone choyambacho abwezere ku Chishona, musiyanitse, muyese pa anthu ochepa, ndipo mu thesis munene kuti malire a mapointi osonyeza kuti munthu ali ndi vuto munabwereka ku Chishona. Fomu yopempha chilolezo nayonso ikhale m'Chichewa. Constitution ya 2013 imachiwerenga pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Limodzi mwa mafunso 14 aja ndi lokhudza kufuna kudzipha, choncho musanagogode khomo loyamba mudziwe namwino kapena mlangizi amene mudzamutumizire munthu tsiku lomwelo.

Ndikudziwa chimene aphunzitsi oyang'anira adzanene: mmodzi mwa anayiwo akachedwa kapena akasiya sukulu, enawo amira naye. Nkhawa imeneyo ndi yoona. Mankhwala ake ndi akuti funso la aliyense liziima palokha ngakhale mnzake atasowa, kulumikiza zotsatira kukhale chaputala chowonjezera. Mugwirizane polemba kuti data ndi ya ndani ndipo dzina la ndani lidzayamba pa pepala lililonse, musanatunge dontho. Nyumba iliyonse ipatsidwe nambala imodzi yomwe anayi onse adzagwiritse ntchito, ndipo pepala lolumikiza nambala ndi maina likhale kwa munthu mmodzi, lokiyidwa.

Chilolezo chipemphedwe kamodzi, pa protocol imodzi, chikalata chofotokoza dongosolo lonse la kafukufuku: ku komiti ya yunivesite yovomereza kafukufuku, yomwe kwa a zachipatala a ku UZ ndi JREC, ku Medical Research Council of Zimbabwe, ndi ku dipatimenti ya zaumoyo ya mzinda. Zimatenga nthawi, ndipo mafunso amene afunsidwa chilolezo chisanatuluke sawerengedwa. Amene akufuna kuyeza mu Ogasiti ndi mu Disembala apereke mapepala ake chaka chikangoyamba. Mu protocol yomweyo mulembe chimene mudzachite mjigo ukapezeka ndi E. coli: ndani adzauze komiti ya mjigo, ndani adzauze a zaumoyo a m'deralo, ndipo pasanathe masiku angati, chifukwa anthu sangamwe madzi amenewo kudikira kuti inu muvale kaye gauni.